MUNTHU WOPANDA CHIKUMBUMTIMA: KODI AMABADWA CHONCHO KAPENA AMACHITA KUPHUNZIRA?

Akuluakulu amene anakhala mumzinda wa Blantyre pakati pa chaka cha 1968 ndi 1970 sanaiŵale mantha a masiku amenewo. Anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi m'madera ena ozungulira mzindawu, ndipo matupi a ena anapezeka atadulidwadulidwa mwankhanza. Dzuŵa likangoloŵa anthu ankatseka zitseko mwamsanga, ndipo ambiri sankawona tulo. Mantha amenewo sanathere ku Chilobwe kokha. Anafika ku Limbe, ku Ndirande, ngakhalenso kuseri kwa mipanda ya nyumba zazikulu za ku Sunnyside, pakuti mzinda ndi umodzi, ndipo mlonda, wophika ndi wolera ana amene amagwira ntchito kumayadi amagona kumakomboni.

M'chaka cha 1970 apolisi anagwira munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa. Iye anavomera milandu ingapo, khoti linamuŵeruza kuti aphedwe, ndipo ananyongedwa m'chaka cha 1972. Anthu ambiri sanakhulupirire kuti anachita zonsezo yekha. Koma funso limene linatsala m'mitima ya anthu linali lina: kodi munthu wobadwa mwa mayi, woyamwa bere monga ife tonse, angachite bwanji zinthu zotere osagwidwa ndi chisoni?

Funso limeneli madokotala a maganizo akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 200. Iwo apeza kuti pali anthu ena oŵerengeka amene mitima yawo siimva chisoni, manyazi kapena kulapa monga imachitira mitima ya anthu ena onse. Mkhalidwe umenewu amautcha psychopathy. Dzina limeneli limaperekedwa ndi katswiri pokhapokha atamuyeza munthu maso ndi maso, kotero sitikulipachika pa munthu aliyense amene tamutchula m'nkhani ino. Cholinga chathu nchakuti oŵerenga adziŵe mkhalidwewu, magwero ake, ndi mmene angatetezere mabanja awo.

Si misala ayi

Choyamba tichotse chisokonezo chimene chilipo pakati pa anthu ambiri. Munthu akachita chinthu chankhanza kwambiri timafulumira kunena kuti, "Ameneyu ngwamisala." Kunena kotere nkulakwira odwala misala. Wodwala misala yeniyeni amasokonezeka maganizo: amamva mawu amene ena sakuwamva, amawona zinthu zimene palibe, kapena amakhulupirira kuti anthu akumulondalonda. Iye amavutika ndi matenda ake, ndipo akalandira mankhwala kaŵirikaŵiri amapeza bwino nabwerera ku ntchito yake. Odwala otere nthaŵi zambiri ndiwo amachitidwa nkhanza ndi anthu ena, osati iwo kuchitira ena nkhanza.

Munthu wa psychopathy sali choncho. Mutu wake umayenda bwino lomwe. Amadziŵa tsiku, malo ndi mtengo wa zinthu pamsika. Amadziŵa chabwino ndi choipa, ndipo akhoza kukufotokozerani malamulo mosaphonya. Chimene chikusoŵa mwa iye ndicho kumva mumtima. Akawona mnzake akulira, maso ake amawona misozi, koma m'kati mwake simugwedezeka kanthu. Nchifukwa chake malamulo amamuwona mosiyana ndi wamisala. Munthu amene matenda anamulepheretsa kuzindikira chimene ankachita, khoti limamutumiza kuti akasungidwe ndi kuthandizidwa. Koma uyu wodziŵa chimene akuchita amayankha mlandu wake monga wina aliyense.

Mmene madokotala anaudziŵira

M'chaka cha 1801 dokotala wa ku France, Philippe Pinel, analemba za odwala ena amene ankachita zachiwawa chonsecho nzeru zawo zili bwinobwino. M'chaka cha 1835 dokotala wa ku England, James Cowles Prichard, anafotokozanso za anthu amene chowonongeka mwa iwo si nzeru koma khalidwe. Amene anajambula chithunzi chomveka bwino cha munthu wotere anali Hervey Cleckley, dokotala wa ku Georgia m'dziko la America, m'buku lake la m'chaka cha 1941 lotchedwa The Mask of Sanity. Dzina la bukuli likunena za chigoba chovala kumaso, chonga chimene amavala ovina gule. Cleckley anawona kuti odwala akewo ankawoneka anzeru, aulemu ndi osangalatsa kucheza nawo, koma kuseri kwa chigobacho kunalibe chikondi kapena kulapa. Makolo athu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pambuyo pake katswiri wa ku Canada, Robert Hare, amene anagwirapo ntchito m'ndende, anakonza muyeso wa zizindikiro za mkhalidwewu. Unatuluka koyamba m'chaka cha 1980, ndipo wokonzedwanso, wa zizindikiro 20, unasindikizidwa m'chaka cha 1991. Pa chizindikiro chilichonse woyeza amapereka 0, 1 kapena 2, atacheza ndi munthuyo nthaŵi yaitali ndiponso ataŵerenga mbiri yake yolembedwa. Malikisi onse pamodzi ndi 40, ndipo ku America munthu amaŵerengedwa kuti ali ndi mkhalidwewu akafika pa 30.

Wina angaganize kuti zimenezi nza azungu okha. Sichoncho. M'chaka cha 1976 katswiri wina wamkazi, Jane Murphy, analemba kuti Ayoruba a ku Nigeria ali ndi dzina lakuti arankan, lonena munthu wotsata zake zokha, wanjiru ndi wosamva za ena, ndipo anthu a ku Alaska ali ndi dzina lakuti kunlangeta, lonena munthu wonama, wakuba ndi wosasintha ngakhale alangidwe kangati. Mitundu yonse iŵiriyi inkasiyanitsa munthu wotere ndi wamisala. Ifenso m'Chicheŵa tili ndi mawu athu: wouma mtima, tambwali, kathyali, mthirakuŵiri, ndipo tikafika pamapeto timati, "Ameneyu alibe umunthu."

Zizindikiro zake

Zizindikiro zazikulu zimene akatswiri amayang'ana ndi izi:

1. Pakamwa pozuna. Amalankhula mokopa, amadziŵa kuyamikira munthu pamene akufuna kanthu, ndipo mlendo amamukonda tsiku loyamba lomwelo.

2. Kudzimva. Amadziwona wapamwamba kuposa onse, ndipo amaganiza kuti malamulo anaikidwira ena.

3. Bodza losatha. Amanama ngakhale pamene chowonadi sichikanamuvulaza. Mukamugwira bodza sachita manyazi, amangosintha nkhani.

4. Kugwiritsa ntchito anthu. Mkazi, bwenzi, mbale kapena mpingo, zonse kwa iye nzipangizo zopezera ndalama, ulemu kapena chisangalalo.

5. Kusoŵa chisoni ndi kulapa. Akavulaza munthu amati wovulalayo ndiye anaziputa. Akapepesa, kupepesako kumathera pamilomo.

6. Kusawopa. Zinthu zimene zimagunditsa mtima wa munthu wina, iye sizimugwedeza. Amatopa msanga ndi moyo wabata, nafunafuna zowopsa.

7. Kusasamala udindo. Ngongole sabweza, ana sawasamala, ntchito sakhalitsa, ndipo malonjezo ake ndi mphepo.

8. Mbiri yoyambira ku ubwana. Kuzunza ziŵeto, kuvutitsa ana anzake, kuba ndi kunama mosalekeza zimayamba asanakwanitse zaka 15.

Tichenjezane pano. Aliyense wa ife ananamapo, ndipo aliyense anaumapo mtima tsiku lina. Chizindikiro chimodzi kapena ziŵiri sizitanthauza kanthu. Akatswiri amafuna kuwona zizindikiro zambiri pamodzi, zokhazikika kwa zaka zambiri, zowonekera kunyumba, kuntchito ndi kwa mabwenzi komwe. Musatenge mndandandawu nkuyamba kutchula maina apongozi anu kapena abwana anu.

Kafukufuku wa ku America ndi ku Ulaya amasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi mkhalidwewu, ndipo amuna ndiwo ambiri kuposa akazi. M'ndende za ku America ndi ku Canada chiŵerengero chimakwera kufika pa akaidi 15 mpaka 25 mwa 100 alionse. Apa pali mfundo ziŵiri. Yoyamba njakuti akaidi ambiri, kuphatikizapo amene ali ku Chichiri, si anthu otere: ambiri anagwa m'milandu chifukwa cha umphaŵi, moŵa, mkwiyo kapena magulu oipa, ndipo chikumbumtima chawo nchamoyo. Yachiŵiri njakuti ambiri a anthu opanda chikumbumtima sali m'ndende konse, ndipo ambiri a iwo sanaphepo munthu. Ali pakati pathu, ena atavala jekete ndi tayi.

Kodi gwero lake nchiyani?

Palibe chinthu chimodzi chokha chimene chimabala mkhalidwe umenewu. Akatswiri amatchula zinthu zitatu zimene zimalukana ngati chingwe.

Choyamba ndi chibadwa. M'chaka cha 2005 Essi Viding ndi anzake ku London anafalitsa zimene anapeza atafufuza mapasa ambirimbiri a zaka 7. Anayerekeza mapasa ofanana ndendende, amene chibadwa chawo nchimodzi, ndi mapasa osafanana. Anapeza kuti kuuma mtima kwa mwana ndi kusamva chisoni kumatsata kwambiri chibadwa, pafupifupi magawo aŵiri mwa atatu. Komabe palibe mbewu imodzi ya m'thupi imene tingailoze kuti nayi mbewu ya nkhanza. Zimene mwana amatengera kwa makolo ndi timbewu tambirimbiri timene pamodzi timachititsa kuti akhale wosachita mantha msanga ndiponso wochedwa kumva za ena.

Chachiŵiri ndi ubongo. M'chaka cha 1957 David Lykken wa ku Minnesota anayesa akaidi motere: ankaliza kabelu, kenaka nkuwagwedeza pang'ono ndi magetsi. Munthu wamba akamva kabeluko kachiŵiri kapena kachitatu, m'manja mwake mumayamba thukuta chifukwa thupi laphunzira kuwopa. Akaidi a psychopathy thukutalo linkabwera pang'ono chabe. Izi zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake chilango sichiwaphunzitsa: thupi lawo siligwirizanitsa bwino cholakwa ndi zoŵaŵa zimene zikubwera. Makina ojambula ubongo asonyezanso kusiyana m'malo aŵiri. Ena ndi kachiŵalo kakang'ono konga njere ya mtedza kotchedwa amygdala, kamene kali m'kati mwa ubongo mbali zonse ziŵiri, ndipo kamagwira ntchito munthu akachita mantha kapena akawona nkhope ya mnzake wamantha. Mwa anthu aŵa kamagwira ntchito mofooka. Malo ena ndi mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira zotsatira za zochita zake.

Kufunika kwa mbali ya kutsogoloyi kunawonekera pa ngozi ya Phineas Gage, kapitawo wa ntchito yomanga njanji ku Vermont m'dziko la America. M'chaka cha 1848 chitsulo chachitali chinamulasa patsaya nkutulukira pamwamba pa mutu. Iye sanafe, koma dokotala wake analemba kuti munthu amene kale anali wodalirika anasanduka wamwano ndi wosakhazikika. Chosangalatsa nchakuti patapita zaka Gage anatha kugwiranso ntchito yoyendetsa ngolo za akavalo ku Chile. Phunziro lake nlakuti kuvulala m'mutu kukhoza kusintha khalidwe la munthu, komanso kuti ubongo umatha kuphunziranso.

Chachitatu ndi kaleredwe. Mwana saphunzira chisoni m'buku. Amachiphunzira pamsana pa mayi ake, akalira wina nkumutonthoza, akamenya mnzake wina nkumuwonetsa misozi ya mnzakeyo. Mwana amene akukula akumenyedwa mwankhanza, kugwiriridwa, kunyanyalidwa kapena kusinthidwasinthidwa manja popanda womukonda, akhoza kuumitsa mtima wake kuti adziteteze. Ku Dunedin m'dziko la New Zealand akatswiri akhala akutsata ana 1,037 obadwa m'zaka za 1972 ndi 1973. M'chaka cha 2002 Avshalom Caspi, Terrie Moffitt ndi anzawo anasonyeza kuti anyamata amene anazunzidwa ali ana sanakule mofanana: amene anali ndi mtundu wina wa chibadwa ndiwo anadzakhala achiwawa kwambiri, pamene anzawo a chibadwa chomwecho amene sanazunzidwe anakula bwinobwino. Moŵa umene mayi amamwa ali ndi pakati, ndiponso mtovu ukaloŵa m'thupi la mwana, nazonso zimawononga ubongo umene ukukula ndi kufooketsa kudziletsa.

Motero yankho la funso lathu nlakuti chibadwa chili ngati mbewu, kaleredwe kali ngati nthaka ndi mvula. Umboni wolimbikitsa unatuluka m'chaka cha 2016 pa kafukufuku wa ana 561 a ku America oleredwa ndi makolo osawabala, amene anatsogolera Luke Hyde ndi anzake. Ana amene mayi awo owabala anali ndi mbiri ya khalidwe losokoneza ankawonetsa kuuma mtima ali aang'ono, ngakhale sanakule ndi mayi awowo. Koma kumene mayi wolera ankayamikira mwanayo mwachikondi pa chabwino chilichonse, kuuma mtimako kunkachepa kwambiri. Choncho mwana sabadwa ataŵeruzidwa kale. Kale m'chaka cha 1966 Lee Robins anali atafalitsa zimene anapeza potsata ana ovuta 524 a mumzinda wa St Louis kwa zaka 30. Ntchito yake inasonyeza kuti pafupifupi wamkulu aliyense wa khalidwe losokoneza anayamba ali mwana, koma ana ovuta ambiri sadzakhala akuluakulu otero.

Zimene amachita m'banja ndi m'mudzi

Tiyerekeze chitsanzo chimene ambiri angachizindikire. Bambo wina wovala bwino abwera kudzachita lendi nyumba ku Sunnyside. Anena kuti ali ndi bizinesi ku Limbe ndipo katundu wake wangotsakamira pachipata cha Mwanza. Kutchalitchi ayimba mokweza napereka chopereka chowoneka. Pasanathe miyezi itatu wakongola ndalama kwa mkulu wa mpingo, kwa amayi a banki m'khonde ndiponso kwa mlonda wake yemwe, amene sanalandire malipiro chiyambire. Walonjeza ukwati kwa akazi aŵiri, wina wa ku Chilomoni, wina wa ku Bangwe. Zikaululika alira misozi pamaso pa akuluakulu, alumbira kuti abweza Loŵeruka, ndipo Lachisanu usiku wasamuka. Palibe magazi amene akhetsedwa, koma taŵerengani ovulala: mlonda amene ana ake achotsedwa sukulu, gulu la amayi limene latha chifukwa chokayikirana, ndi mtsikana wotsala ndi mimba.

M'banja munthu wotere amayamba ndi chikondi chosefukira, kenaka amamulekanitsa mkazi ndi abale ake, kumulanda ndalama, kumunyoza, ndipo nthaŵi zina kumumenya. Ankhoswe akabwera amawalandira mwaulemu waukulu, kotero kuti iwo amabwerera akuganiza kuti wovuta ndi mkaziyo. Ambiri amene akhala ndi anthu otere amadwala nthenda ya nkhaŵa, kusoŵa tulo ndi kutaya mtima, ndipo amafika podzikayikira okha. Kuntchito amakwera msanga chifukwa chodziŵa kukometsa pakamwa kwa akuluakulu, kwinaku akupondereza aang'ono ndi kudya za ena. Robert Hare ndi Paul Babiak analemba buku lonse m'chaka cha 2006 lonena za anthu otere m'makampani.

Oŵerengeka mwa iwo amafika pa milandu yowopsa, ndipo akatuluka m'ndende amabwerezanso milandu yachiwawa kaŵirikaŵiri kuposa akaidi ena. Njira yokopa ndi pakamwa inawonekera poyera pa mlandu wa Moses Sithole ku South Africa, dziko limene abale athu ambiri amapitako kukafuna ntchito. M'zaka za 1994 ndi 1995 iye ankanyenga akazi powalonjeza ntchito, akuwoneka waulemu ndi wofuna kuthandiza, nkuwatengera kumalo obisika. M'chaka cha 1997 khoti linamupeza wolakwa pa milandu 38 ya kupha, ndipo linamulamula kukhala m'ndende zaka 2,410. Atsikana ofuna ntchito m'mizinda yathu aphunzirepo kanthu: munthu wosamudziŵa akakulonjezani ntchito, musapite naye nokha kumalo kumene simukudziŵa, ndipo uzani abale kumene mukupita.

Koma chiwonongeko chachikulu chimagwera mudzi wonse, pakuti nkhanza zosamvetsetseka zimapha kukhulupirirana. Nthaŵi ya imfa za ku Chilobwe kunabuka mphekesera yakuti boma likupopa magazi a anthu kuti likabwezere ngongole ku South Africa. Anthu osalakwa anakayikiridwa. Khoti lalikulu litamasula anthu ena amene ankaganiziridwa, boma linasintha malamulo m'chaka cha 1969 kuti makhoti a mafumu aziŵeruza milandu ya kupha, ndipo m'makhoti amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Dongosolo limenelo linakhalapo mpaka nthaŵi ya kusintha kwa ndale m'zaka za 1993 ndi 1994. Taonani mmene mantha a miyezi yoŵerengeka anasinthira chilungamo cha dziko lonse kwa zaka zoposa 20.

Mphekesera ya magazi inabweranso m'chaka cha 2017 ndi dzina lakuti anamapopa. Inayambira ku Mulanje nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mmodzi mwa ophedwa m'boma la Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Apa mpamene pali chisoni chachikulu: gulu likagwidwa ndi mantha limagwira wooneka mwachilendo, wosalankhula bwino, wodwala kapena mlendo, pamene munthu wowopsa weniweni ndi amene amawoneka bwino koposa onse.

Kodi mankhwala alipo?

Palibe piritsi kapena jekeseni yobwezeretsa chikumbumtima. Kwa akuluakulu chithandizo nchovuta, chifukwa munthuyo sawona kuti ali ndi vuto, ndipo ena amagwiritsa ntchito zimene aphunzira kwa alangizi kuti anyenge bwino koposa kale. Madokotala amatha kuthandiza pa mavuto oyenda nawo pamodzi, monga uchidakwa, kusuta chamba ndi kupsa mtima msanga. Zawonekanso kuti ambiri akapitirira zaka 40 milandu ina monga kuba imachepa, ngakhale kuti kuuma mtima kumakhalapobe.

Chiyembekezo chenicheni chili mwa ana ndi achinyamata. Ku Wisconsin m'dziko la America kuli malo otchedwa Mendota Juvenile Treatment Center, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1995 kuti azisunga anyamata amene malo ena onse anawalephera. Ogwira ntchito kumeneko anazindikira kuti kuwonjezera chilango kumangowonjezera ukali. Motero anayamba kupereka mphotho yaing'ono tsiku lililonse pa khalidwe labwino lililonse, mosaphonya ndi mosatopa. Atawatsata anyamatawo kwa zaka zingapo, anapeza kuti milandu yawo yachiwawa inachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi anzawo osungidwa m'malo a chilango chokhachokha. Chifukwa chake nchomveka: mwana wosachita mantha samva chikwapu, koma mphotho amaimva.

Kuno kwathu malamulo amanena kuti mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010 limalimbikitsa kuti ana olakwa awongoledwe m'malo moponyedwa m'ndende pamodzi ndi akuluakulu. Malo owongolerako ana a ku Mpemba m'boma la Blantyre ndi a Chilwa ku Zomba anakhazikitsidwira ntchito imeneyi.

Zimene tingachite

Kwa inu makolo ndi olera ana: m'mera mpoyamba. Mayi woyembekezera aleke moŵa. Mwana wakhanda anyamulidwe, alankhulidwe ndi kutonthozedwa. Akayamba kuyenda muphunzitseni maina a zimene anthu amamva mumtima: "Tawona, mnzako akulira chifukwa wamulanda chidole." Ikani malamulo oŵerengeka, omveka, osasinthasintha, ndipo muyamikireni nthaŵi yomweyo akachita bwino. Bambo asaganize kuti kulera nkwa amayi okha. Tetezani mitu ya ana ku ngozi, ndipo mwana akavulala m'mutu mupite naye kuchipatala. Ana amasiye amene mwawatenga muwalere monga anu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mukawona mwana amene amazunza nkhuku, agalu kapena ana anzake mobwerezabwereza, osasonyeza chisoni, ndipo chilango sichimukhudza, musamutche mfiti, musamuthamangitse pakhomo, ndiponso musangoti adzasintha akakula. Kambiranani ndi aphunzitsi ake, ndipo pitani naye kuchipatala chapafupi monga cha ku Zingwangwa, Ndirande, Limbe kapena Chilomoni, kumene angakutumizeni kwa odziŵa za maganizo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Chithandizo cha matenda a maganizo chimapezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mwana amene akuzunzidwa, kapena wina aliyense womuwona, akhoza kuimba lamya yaulere pa nambala 116.

Kwa inu amene mukukhala ndi munthu wa zizindikiro zimenezi: yang'anani zochita zake, osati mawu ake. Bodza loyamba likhoza kukhala kuphonya, koma likafika lachitatu mwadziŵa amene mukukhala naye. Musadzipatule kwa abale anu. Sungani makalata a nyumba, a munda ndi a kubanki pamalo abwino. Musaganize kuti chikondi chanu chokha chidzamusintha, ndipo musadziimbe mlandu chifukwa ananyenga inu, pakuti anthu otere amanyenga ngakhale madokotala ndi oŵeruza. Pakakhala kumenya kapena kuwopseza, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la m'chaka cha 2006 limakupatsani ufulu wopempha khoti kuti likutetezeni, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa.

Kwa inu ankhoswe, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a magulu osunga ndalama: mverani mbali zonse ziŵiri padera, ndipo musagamule mlandu potengera amene walankhula mokoma. Ndalama za gulu zilembedwe m'buku, zisainidwe ndi anthu oposa mmodzi, ndipo ziŵerengedwe poyera. Polemba munthu ntchito funsani kumene anagwirako kale. Malamulo otere sanyoza munthu wokhulupirika, koma amatseka khomo kwa tambwali. Ndipo mukamuganizira munthu mlandu, mperekeni kupolisi. Gulu limene limaponya miyala ndi kuyatsa moto limakhala litataya chikumbumtima chomwe likudandaula kuti mnzawoyo alibe.

Anthu opanda chikumbumtima ndi oŵerengeka, koma mabala amene amasiya ndi ambiri. Sitingasinthe chibadwa chimene mwana wabwera nacho, koma nthaka imene akuliramo ili m'manja mwathu. Mwana wa ku Sunnyside amene ali ndi zonse koma alibe womufungatira, ndi mwana wogona pakhonde la sitolo ku Limbe, onse aŵiri akusoŵa chinthu chimodzi: munthu wamkulu wokhazikika, womukonda ndi womuwongola. Tikawapatsa chimenecho lero, tachepetsa misozi imene mabanja ena akanadzalira zaka 20 zikubwerazi.